Kumanga pulogalamu pa seva popanda kukokera X11 ndi GTK

Tiyerekeze seva ya Debian yopanda sikirini ndi mausi, imene mwini wake amalowamo pa SSH basi, kutanthauza kulemba malamulo ali pa kompyuta ina. Akufuna Vim, pulogalamu yolembera mafayilo, yatsopano kuposa imene ili m'nkhokwe ya Debian, ndiye watenga source code n'kulemba `apt-get build-dep vim` kuti apeze zomangira. Mndandanda umene ukutuluka ukudzaza terminal yonse: libgtk-3-dev, libxt-dev, libmotif-dev, za Pango, za Cairo, za X11 zosawerengeka. Iye amangofuna kulemba mafayilo a zilembo zokhazokha.

Apt, chida choikira maphukusi pa Debian, sinalakwitse. Ku Debian, source imodzi ya Vim imabala maphukusi angapo: vim-tiny, vim-nox, vim-gtk3, vim-motif. Lamulo la build-dep limabweretsa zofunika pomanga onsewo nthawi imodzi, chifukwa silidziwa kuti inu mukufuna mtundu umodzi wokha. Vim ya pa terminal imamangika ndi build-essential ndi libncurses-dev. Zina zonsezo ndi katundu wa Vim ya mawindo, yoonekera pa desktop.

Chimene tikuthawa n'chiyani kwenikweni

Anthu ambiri akaona dzina loyamba ndi "libx" amaganiza kuti makina awo asanduka desktop. Si choncho. X Window System inayambira ku MIT mu 1984, ndipo mtundu wake wa 11, umene timautcha X11, unatuluka mu 1987. Dongosololi lili pawiri. Pali seva ya X, yomwe ndi Xorg, imene imagwira sikirini, kiyibodi ndi mausi. Palinso malaibulale amene pulogalamu imagwiritsa ntchito polankhula ndi sevayo: libX11, libxcb, libXau, libXdmcp, libXext. Malaibulale amenewa ndi aang'ono, mamegabaiti ochepa chabe, ndipo sayatsa chilichonse paokha. Kukhala ndi libX11 pa seva si tsoka.

Tsoka limayamba ndi zida zojambulira mawindo, GTK ndi Qt. GTK 3 imadalira GLib, Cairo, Pango, HarfBuzz, gdk-pixbuf, at-spi2 ndi libepoxy, ndipo kumbuyo kwake kumabwera zithunzi za timabatani. Zithunzi zambiri zimenezi ndi za SVG, choncho pamafunika librsvg. Kuyambira pa mtundu wa 2.41 mu 2017, librsvg imamangidwa ndi Rust, chilankhulo cholembera mapulogalamu. Pa makina amene chilichonse chimamangidwa kuchokera ku source, monga Gentoo kapena ports za FreeBSD, kavomerezedwe kamodzi ka GTK kangakuchititseni kumanga Rust yonse, ndipo Rust imatsamira pa LLVM, gulu lalikulu la zida zomangira mapulogalamu. Mbali ya OpenGL, yojambulira zithunzi za 3D, nayo imakokera laibulale ya Mesa, Mesa n'kukokeranso LLVM. Pa seva yobwereka (VPS) ya purosesa imodzi ndi memori ya 1 GB, zimenezi ndi maola ambirimbiri, ndipo kawirikawiri ntchitoyo imafera panjira memori ikatha. Ku Qt, chilombo chake ndi QtWebEngine, yomwe m'kati mwake ndi browser ya Chromium yathunthu.

Nthawi ndi malo a pa disiki ndi mtengo woyamba chabe. Laibulale iliyonse imene yalowa iyenera kumasamalidwa mpaka kalekale. Pamene bowo la libwebp lotchedwa CVE-2023-4863 linadziwika mu September 2023, aliyense amene anali ndi laibulaleyo anayenera kufufuza kuti ndi pulogalamu iti imene ikuigwiritsa ntchito, ngakhale anali asanatsegulepo chithunzi pa makinawo.

Makomo amene zimalowera

Khomo loyamba ndi zimene wokonza phukusi anasankhiratu. Iye amaganizira anthu ambiri, ndipo ambiri ali ndi desktop, ndiye amasiya mawindo ali oyatsa. Khomo ili n'losavuta kutseka chifukwa limaonekera.

Lachiwiri ndi unyolo. Pulogalamu yanu siifuna X11, koma imadalira ina imene imadalira inanso imene imaifuna. Chitsanzo chodziwika ndi laibulale ya GD, imene mawebusaiti a PHP amachepetsera zithunzi. GD ikamangidwa kuti izitha kuwerenga zithunzi za XPM imafuna libXpm, ndipo libXpm imafuna libX11. Ndani masiku ano amaika chithunzi cha XPM pa webusaiti? D-Bus nayo ili ndi kapulogalamu kotchedwa dbus-launch kamene kamalumikizidwa ndi libX11, n'chifukwa chake Debian inakapatula kukhala phukusi lakelake la dbus-x11. GnuPG imafuna pinentry yofunsira mawu achinsinsi, ndipo pinentry ili ndi mitundu ya GTK, Qt ndi curses (wa pa terminal). Pa seva wofunika ndi wa curses kapena wa tty. Unyolo wina umadzera ku zolemba zofotokoza pulogalamu. Mukavomera kuti zimangidwe, pamabwera Doxygen, Doxygen n'kubweretsa Graphviz, Graphviz n'kubweretsa Pango ndi Cairo, mwinanso TeX.

Khomo lachitatu ndi limene limapusitsa ngakhale akatswiri, ndipo anthu a Gentoo analipatsa dzina lakuti automagic. Script ya `configure` imafufuza m'makina mwanu, ndipo ikapeza mafayilo a header a X11 kapena GTK imawagwiritsa ntchito osafunsa. Source imodzimodzi, lamulo limodzimodzi, koma zotuluka zimasiyana malinga ndi zimene zinalipo kale pa kompyuta yomangirayo. Munthu amamanga pulogalamu pa laputopu yake ya Ubuntu, n'kuikopera ku seva, ndipo poiyatsa amalandira uthenga uwu:

`error while loading shared libraries: libX11.so.6: cannot open shared object file`

Zimachitikanso pa makina amodzi omwewo. Mwamanga pulogalamu n'kuiika mu /usr/local, ndipo patapita miyezi mwayeretsa makina ndi `apt autoremove`. Apt sidziwa chilichonse cha mu /usr/local, ndiye imachotsa laibulale imene pulogalamu yanu inalumikizidwa nayo mwakachetechete. Choncho kusakhala ndi GTK pa makina sikukwanira, chifukwa mawa ikhoza kulowa ndi phukusi lina, ndipo mukadzamanganso pulogalamu yanu idzaitola. Muyenera kukana ndi mawu anu, m'lamulo lomangira lenilenilo.

Kumanga ndi manja

Musanalembe china chilichonse, funsani pulogalamuyo zimene imalola kuzimitsa. Ngati imagwiritsa ntchito Autoconf, chida chimene chimapanga script ya configure:

`./configure --help | grep -iE 'x11|with-x|gui|gtk|qt|sdl|wayland'`

Vim imafuna zinthu ziwiri, ndipo anthu ambiri amaiwala chachiwiri:

`./configure --with-features=huge --enable-gui=no --without-x`

Mawu akuti `--enable-gui=no` amaletsa gvim, Vim ya mawindo. Koma Vim ya pa terminal imathabe kulumikizidwa ndi libX11 ndi libXt kuti izifikira clipboard ya desktop, ndipo chimene chimadula chingwe chimenecho ndi `--without-x`. Mukamaliza, `vim --version` iyenera kuonetsa -X11 ndi -xterm_clipboard. Ngati munayesapo kale configure ndi zosankha zina, yambani ndi `make distclean`, popeza Vim imasunga mayankho akale mu src/auto/config.cache.

Emacs ili ndi msampha wofanana. `--with-x-toolkit=no` imangotanthauza kuti Emacs ijambule mawindo ake yokha popanda GTK kapena Motif; X11 imakhalapobe. Chofunika ndi `--without-x`, ndipo pa macOS muwonjezere `--without-ns`. Palinso `--without-all`, imene imazimitsa pafupifupi zonse zongowonjezera, koma samalani nayo chifukwa imachotsanso GnuTLS, ndiye mudzafunika kubwezera `--with-gnutls` ngati mukufuna kukoka maphukusi a Emacs pa HTTPS.

Git simafuna X11, koma gitk ndi git-gui zinalembedwa mu Tcl/Tk. `make NO_TCLTK=YesPlease` imazisiya. ImageMagick imamvera `--without-x`. FFmpeg ili ndi configure yakeyake, ndipo imalola `--disable-xlib --disable-libxcb --disable-sdl2`. Kuchotsa SDL, laibulale yoonetsera zithunzi ndi kutulutsa mawu, kumachotsanso ffplay, imene pa seva ilibe ntchito. Njira yoyera kwambiri pa FFmpeg ndi `--disable-autodetect`, imene imaletsa kutola malaibulale mwachisawawa, kenako inu n'kutchula limodzilimodzi zimene mukufuna. QEMU ili ndi `--disable-gtk --disable-sdl`, ndipo makina a m'kati mwake mumawaonabe kudzera pa VNC kapena `-nographic`.

Pa Autoconf pali khalidwe lina loipa loyenera kulidziwa. Mukalakwitsa dzina, mwachitsanzo kulemba `--without-gui` pa pulogalamu imene sidziwa mawu amenewo, configure siima. Imalemba kamzere kamodzi kakuti "unrecognized options" pakati pa mizere mazanamazana, n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Wonjezerani `--enable-option-checking=fatal` kuti iziima pomwepo. CMake, chida china chokonzera kamangidwe ka pulogalamu, nayo imangochenjeza kumapeto kuti zina mwa zimene munatchula sizinagwiritsidwe ntchito. Pa zida zitatuzi, Autoconf, CMake ndi Meson, Meson yokha, kuyambira mtundu wa 0.60, ndi imene imakana kupitiriza.

Meson ndiyo yosavuta pa nkhani imeneyi. `meson configure` imaonetsa zosankha zonse, ndipo zambiri zimakhala pa auto, kutanthauza kuti zimayaka ngati laibulale yapezeka. Lamulo limodzi limazimitsa zonsezo:

`meson setup build -Dauto_features=disabled`

Kenako mumayatsa zokhazo zimene mukufuna. Pa Cairo, `-Dxlib=disabled -Dxcb=disabled` imakupatsani laibulale imene imajambulabe PNG, PDF ndi SVG popanda X11. Ku CMake palibe mgwirizano wa mayina; pulojekiti iliyonse ili ndi ake, ndipo mumawaona ndi `cmake -LH`. OpenCV imafuna `-DWITH_GTK=OFF -DWITH_QT=OFF`. Wireshark imafuna `-DBUILD_wireshark=OFF`, imene imasiya tshark ndi zida zina za pa terminal popanda Qt. Olemba pulogalamu akakhala kuti sanaike chozimitsira, yesani `-DCMAKE_DISABLE_FIND_PACKAGE_X11=ON`. Imagwira ntchito pokhapokha ngati iwo sanalembe kuti phukusilo n'lokakamiza.

FreeBSD ndi ports zake

Kale anthu ankalemba `WITHOUT_X11=yes` mu /etc/make.conf, ndipo malangizo amenewa akadali mbwee pa intaneti. Anatha ntchito. Masiku ano mumalemba chonchi:

`OPTIONS_UNSET+= X11 GTK2 GTK3 QT5 QT6 WAYLAND OPENGL DOXYGEN`

Pa port imodzi yokha, dzina limapangidwa kuchokera ku gulu ndi port, monga `graphics_cairo_UNSET+= X11`. Musanamange, lowani mu foda ya port ndi kulemba `make all-depends-list` kuti muone zonse zimene zibwere, kapena `make missing` kuti muone zimene mulibe. Mukaonamo xorg kapena llvm, musayambe kumanga. `make config-recursive` imakuonetsani zosankha za port iliyonse ya mu unyolo, koma muibwereze kangapo mpaka isafunsenso kanthu, chifukwa chosankha chilichonse chimene mwasintha chimasintha mndandanda wa zodalira.

Chimene chimasokoneza anthu ndi ichi: zimene munavomera pa `make config` zimasungidwa mu /var/db/ports, ndipo zimaposa mphamvu zimene mwalemba mu make.conf. Ngati munadina OK pa port ina X11 ili yoyatsa, OPTIONS_UNSET imene mwalemba pambuyo pake siimveka. Fufutani zakalezo ndi `make rmconfig-recursive`, kapena gwiritsani ntchito `OPTIONS_UNSET_FORCE`, imene imaposa zosungidwazo.

Kuyambira kumapeto kwa 2017 ports zili ndi ma flavor, kutanthauza mitundu yosiyanasiyana ya port imodzi, ndipo ma port ena otchuka samveranso X11 ya mu make.conf chifukwa nkhaniyo inasamukira kumeneko. Emacs ili ndi nox, ImageMagick ili ndi nox11, Vim ili ndi console ndi tiny, Git ili ndi lite ndi tiny. Mumalemba `make FLAVOR=nox install clean`, kapena `editors/emacs@nox` pa mndandanda wa poudriere, chida chomangira maphukusi a FreeBSD. Ubwino wake ndi wakuti ma flavor amenewa amapezekanso omangidwa kale, ndiye nthawi zambiri `pkg install emacs-nox` imathetsa nkhani yonse popanda kumanga kanthu.

Kusakaniza ports zomanga nokha ndi maphukusi omangidwa kale a pkg ndi kudziputira mavuto. `pkg upgrade` ikaona kuti zosankha za phukusi lanu zikusiyana ndi za m'nkhokwe, imaliikanso mmene lilili m'nkhokwemo, X11 n'kubwerera. `pkg lock` ndi chigamba chongoyembekezera. Njira yokhalitsa ndi poudriere, imene imamanga phukusi lililonse mu jail yoyera (malo opatulidwa ku zina zonse za pa makinawo), momwe muli zodalira zolembedwa zokha. Pamenepo automagic ilibe choti itole.

Gentoo

Ku Gentoo yambirani pa profile, yomwe ndi zosankha zoikidwiratu za makina onse, osati pa USE, mndandanda wa ma flag oyatsira ndi kuzimitsira zinthu. `eselect profile list` imaonetsa zimene zilipo, ndipo iliyonse imene ili ndi mawu akuti desktop imayatsa X, gtk ndi zina zambiri inu musanalembe kanthu. Pa seva sankhani yopanda mawuwo. Kenako mu /etc/portage/make.conf:

`USE="-X -gui -gtk -qt5 -qt6 -wayland"`

X ameneyu ndi wamkulu, wamng'ono sagwira. Ena amalemba `-*` kuti azimitse zonse nthawi imodzi, koma zimenezi zimazimitsanso zinthu zimene makina amafunika kuti ayende bwino, ndipo phindu lake silifika pa mavuto ake. `emerge -pvt` ndi dzina la phukusi imaonetsa mtengo wonse wa zodalira, kotero mumaona amene wakoka mnzake. Portage, chida cha maphukusi cha Gentoo, ikanena kuti "USE changes are necessary to proceed" n'kutchula, mwachitsanzo, cairo yokhala ndi X, musavomere msanga. Yang'anani mizere yoyamba ndi "required by", ndipo nthawi zambiri mupeza kuti pali flag ina pamwamba pa unyolo imene mukaizimitsa mu /etc/portage/package.use pempholo limatha lokha. Mukasintha, `emerge --ask --update --deep --newuse @world`, kenako `emerge --ask --depclean` kuchotsa zotsalira.

Kutsimikiza

Configure ikanena kuti X yazimitsidwa, musakhulupirire mawu okha. Funsani fayilo imene yamangidwayo:

`readelf -d src/vim | grep NEEDED`

Lamuloli limaonetsa malaibulale amene pulogalamuyo yalumikizidwa nawo mwachindunji. `ldd` imaonetsa unyolo wonse, kuphatikizapo zimene malaibulalewo amadalira. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene kumakuuzani koyenera kukonza. Ngati libX11 ikuoneka pa ldd koma kulibe pa readelf, pulogalamu yanu ndi yoyera; wolakwa ndi laibulale ina, ndipo kusintha configure ya pulogalamu yanu sikungathandize kanthu. `lddtree` ya mu pax-utils imajambula unyolowo ngati mtengo, wolakwayo n'kuonekera poyera.

Zida zimenezi sizigwira zonse. SDL 2 imatsegula libX11 ikamayenda, kudzera pa dlopen, choncho sioneka pa ldd. Mapulagini ndi ma module a Python nawo amakhala m'mafayilo awoawo a .so amene muyenera kuwayeza paokha. Anthu a Docker amalidziwa bwino vuto la OpenCV: `import cv2` imagwa ndi uthenga wakuti libGL.so.1 sikupezeka, ndipo yankho lofala ndi kuthira libgl1 ndi katundu wake yense mu container. Yankho labwino ndi kuchotsa opencv-python n'kuika opencv-python-headless. Musaike onse awiri, chifukwa amalemba mu foda imodzi ya cv2 ndipo amapondana.

Kuti automagic itheretu, mangirani pamalo oyera: chroot ya debootstrap, container, kapena jail, mmene mwaikamo zomangira zokhazo zimene mwasankha. Poika zomangirazo pa Debian ndi Ubuntu, lembani `--no-install-recommends`, popeza zambiri za mawindo zimabwera ngati zongolimbikitsidwa, osati zokakamiza. `apt-get -s install` imakuonetsani zimene zichitike popanda kuika kanthu, chinthu chothandiza kwambiri ngati intaneti yanu ndi ya bandulo.

Zimene mumataya, ndi poyenera kulekera

Vim yopanda X siifikira clipboard ya desktop, ndiye `"+y` sigwira ntchito. Pa SSH zimenezi sizinali zodalirika ndi kale lomwe, ndipo ma terminal ambiri amakono amamva OSC 52, njira yotumizira mawu ku clipboard kudzera pa terminal, imene tmux imaitumiza mukalemba `set -g set-clipboard on`. Neovim ili nayo m'kati kuyambira mtundu wa 0.10. Mumapindulanso china: Vim yokhala ndi X imatha kuchedwa kutseguka ikamayesa kufikira DISPLAY imene kulibe, n'chifukwa chake pali `vim -X`. ImageMagick yopanda X imataya display, animate ndi import, koma kusintha kukula ndi mtundu wa zithunzi kumayendabe. Python yomangidwa popanda Tcl/Tk ilibe tkinter, ndipo Matplotlib imajambulabe mafayilo ndi Agg.

Pali malaibulale a zithunzi amene si a mawindo, ndipo amene amachotsa mwachimbulimbuli amadzipweteka okha. FreeType, fontconfig, libpng, libjpeg ndi Cairo yopanda Xlib sizifuna sikirini. Seva imene imatulutsa malisiti a PDF kapena ma graph imazifuna. Java ya default-jre-headless, ngakhale mutaiyatsa ndi `-Djava.awt.headless=true`, imagwa ikafuna kulemba zilembo pa chithunzi ngati pa makinapo palibe fontconfig ndi font ngakhale imodzi. Ndipo ngati tsiku lina mudzafune `ssh -X`, yoonetsera mawindo a pa seva pa kompyuta yanu, pa seva pafunika xauth, imene imabwera ndi libX11.

Mapulogalamu ena anawalemba molumikiza X11 m'kati mwenimweni, popanda chozimitsira. Mukhoza kusintha source yawo, koma mudzakhala mukubwereza chigambacho pa mtundu uliwonse watsopano. Ngati chimene chatsala pa mndandanda ndi libX11, libxcb, libXau ndi libXdmcp basi, zilekeni zilowe. Mphamvu zanu muzisungire pamene mwaona gtk, qt, mesa, llvm kapena rust pa zotuluka za `make missing` kapena `emerge -pvt`, ndipo pamenepo bwererani m'mbuyo mu unyolo mpaka mupeze port kapena flag imene yaziitana.